Mpira wa madontho atatu m'nkhalango ya Hazlehead

Ndili ndi zinthu ziwiri zoti ndiulule. Choyamba n'chakuti ndimasewera gofu. Ndikudziwa kuti ena mwayamba kale kuseka, chifukwa kwathu gofu ndi masewera a mabwana a mimba zazikulu, oti Lachisanu masana atseka kale ofesi. Munthu wokulira ku Ndirande ngati ine akanena kuti amasewera gofu, anzake amafunsa kuti, "Aise, walowa chipani chanji?" Chachiwiri ndichisunge kaye, koma ndi chimene chandichititsa kulemba nkhaniyi.

Gofu ndinaidziwira kwa malume anga, achimwene awo a mayi. Iwowa anagwira ntchito ya ukadi kwa zaka zambiri pa kalabu ina mumzinda wa Blantyre. Kadi ndi munthu amene amanyamula chikwama cha ndodo za wosewera, kumuuza mtunda umene watsala, ndi kumufunira mpira ukalowa patchire. Madzulo malume ankabwera ndi mipira yotola m'thumba la shuga. Ankaitsuka ndi mswachi wakale, n'kukaigulitsanso kwa mabwana omwe anaitayawo. Ina ankasunga, ndipo iliyonse ankaiika madontho atatu ofiira ndi kyutekisi ya mayi anga, kuti wina asadzati ndi yake. Ndodo anali nayo imodzi yokha, nambala 7, chogwirira chake chokulungidwa ndi mphira wa chubu cha njinga. Ndi ndodo imeneyo anandiphunzitsa kumenya mpira pa kabwalo kafumbi, tikulunjika chitini cha Cowbell. Pa bwalo lenileni la gofu sindinapondepo mpaka nditakula. Ndinkangoliona kudzera pa mpanda.

Nditapeza mwayi wa sukulu ku Glasgow, ndinagula ndodo zisanu ndi imodzi m'sitolo ya kaunjika wa kuno, pamtengo wosasiyana kwenikweni ndi wa jekete. Malamulo amalola munthu kunyamula ndodo 14, koma thumba langa linalola zimenezo basi. Pakati pa ndodozo panali driver, ndodo yaitali ya mutu waukulu ija, imene imaponya mpira kutali kuposa zonse. Ndinaikonda ngati mwana wopatsidwa legeni yatsopano. Ndipo mpira uliwonse umene ndinagula ndinauika madontho atatu ofiira, monga ankachitira malume.

Mwezi wa June, mayeso atatha, anzanga awiri a m'kalasi anati tipange ulendo wa gofu wa masiku atatu. Mmodzi ndi wa konkuno ku Scotland, amene anabwereka galimoto ya mayi ake. Wina ndi wa ku Kenya, amene anaphunzira gofu kusukulu yapamwamba ndipo sankalola kuti tiiwale zimenezo. Ulendo wake unali wa anthu osauka: kugona m'mahositelo, kudya buledi ndi nyemba za m'chitini, kuona mabwalo otchuka ndi maso okha, kenako n'kukasewera pamene tingakwanitse.

Lamlungu tinafika ku St Andrews, kumene anthu amati ndi kwawo kwa gofu. Bwalo lake lakale, Old Course, Lamlungu nthawi zambiri amalitseka kwa osewera, ndipo anthu wamba amangoyendapo, ena ndi agalu awo, ena ndi ana. Tinayenda pa udzu umene akatswiri a dziko lonse amaseweretsapo, tinajambulitsa pa kamlatho ka miyala ka Swilcan, palibe amene anatithamangitsa. Kusewerapo nyengo yotentha ndi mapaundi oposa 300, choncho ife tinangoyenda. Chimene ndinaona n'chakuti pabwalopo palibe mitengo yoti n'kukusokoneza. Ndi mtunda wamchenga m'mbali mwa nyanja, wotambalala, woti ukaphonya kumanzere mpira ukaupeza ndithu. Ndi pamenepa pamene mu 1764 anachepetsa maenje kuchoka pa 22 kufika pa 18, chiwerengero chimene dziko lonse likutsatira lero. Mumtima ndinati: gofu ya ku Scotland ndi imeneyi, malo ambirimbiri, driver wanga adya bwino.

Lolemba tinadutsa ku Carnoustie, ndipo mnzathu wa ku Scotland anatifotokozera nkhani imene aliyense wokonda gofu kuno amaidziwa. Mu 1999, pa mpikisano wa The Open, Jean van de Velde wa ku France anafika pa dzenje lomaliza akutsogola ndi mashoti atatu. Dzenjelo akatswiri amalimaliza ndi mashoti anayi, ndipo iye akanapambana ngakhale ndi asanu ndi limodzi. Akanatha kungokankha mpira pang'onopang'ono ngati nkhalamba n'kukatenga chikho. M'malo mwake anatulutsa driver. Shoti yachiwiri inagunda chitsulo cha pamalo okhala oonerera n'kubwerera mu udzu wautali, yachitatu inagwera mu kamtsinje ka Barry Burn. Dziko lonse linamuona akuvula nsapato ndi masokosi, n'kulowa m'madzi. Anamaliza ndi mashoti asanu ndi awiri, ndipo pobwereza chikho chinapita kwa Paul Lawrie, mwana wa ku Aberdeen, amene m'mawa wa tsikulo anali kumbuyo ndi mashoti 10. M'galimoto tinamuseka munthu wa ku France uja. Amene anaseka mokweza kuposa onse ndinali ine. Ndinati kumeneko ndi kupusa kwa munthu wofuna kuonekera.

Lachiwiri m'mawa tinali ku Hazlehead, chakumadzulo kwa mzinda wa Aberdeen. Malowa ndi paki yaikulu ya mzinda, ndipo mbiri yake ndi yaitali. Mu 1319 mfumu Robert the Bruce inapereka nkhalango ya dera limeneli kwa anthu a mumzindawu. Patapita zaka, mbali ina inakhala ya mabanja olemera, mpaka mu 1920 pamene khonsolo inaigula. Bwalo lalikulu la gofu analitsegula mu 1927, ndipo analikonza ndi Alister MacKenzie, yemwe pambuyo pake anakonza Augusta National ku America mothandizana ndi Bobby Jones. MacKenzie anali dokotala. Anagwira ntchito pa nkhondo ya Mabunu ku South Africa, kumene anachita chidwi ndi luso la Mabunu lobisala m'malo ooneka ngati mulibe munthu. Mukasewera bwalo lake mumamvetsa: ngozi zake siziitana, umangozindikira uli kale m'katimo.

Chinandikhudzanso china. Kufupi ndi pakiyi kuli dera la Mannofield, kumene anabadwira Robert Laws mu 1851, yemwe uja wa ku Livingstonia amene tinamuloweza pa mayeso a mbiri. Anafika kwathu mu 1875, n'kuchoka mu 1927, chaka chomwe bwaloli linatsegulidwa. Iye anapita kwathu ndi Baibulo ndi mankhwala. Ine ndinabwera kwawo ndi ndodo za kaunjika.

Chomwe chimasiyanitsa Hazlehead ndi kalabu imene malume ankagwirako ntchito n'chakuti bwaloli ndi la anthu onse. Sufunika kukhala membala. Palibe wokufunsa kuti bambo ako ndani, kapena wakuitana ndani. Umasungitsa nthawi pa intaneti, n'kulipira, n'kusewera. Ndalama imene tonse atatu tinapereka pamodzi sinafike theka la imene munthu mmodzi amapereka ku Old Course. Pamalo oimika magalimoto ndinaona anthu akuvala nsapato za gofu kumbuyo kwa timagalimoto takale, ana asukulu, amayi awiri okoka tingolo ta zikwama zawo. Kadi panalibe ndi mmodzi yemwe. Aliyense ankanyamula katundu wake.

Popeza tinali atatu, anatiphatikiza ndi bambo wina wachikulire amene anabwera yekha. Anali wa imvi mbuu, wamfupi, wa miyendo ya matewe pang'ono. Anatiuza kuti anagwira ntchito ya mafuta panyanja mpaka anapuma, ndipo bwaloli walisewera kuyambira ali mnyamata. Chingerezi chake cha ku Aberdeen ndinkangomva theka, theka linalo ndinkagwedeza mutu. Tisanayambe, ife atatu tinapangana kuti womaliza ndi mashoti ambiri agula petulo wobwerera ku Glasgow. Kwa anzangawo zinali zocheza. Kwa ine ayi, chifukwa sabata yomweyo ndinali nditatumiza ndalama kunyumba ya fizi ya mchemwali wanga, ndipo mu akaunti munatsala zongokwanira kufika kumapeto a mwezi.

Kwa amene simunaseweepo, gofu ndi yosavuta kuimva. Pali maenje 18. Pa lililonse umayambira pamalo oikika, n'kumenya mpira mpaka ulowe m'kadzenje ka mamilimita 108 m'mimba mwake, komwe kali pa udzu wometa bwino kwambiri wotchedwa girini. Shoti iliyonse umaiwerenga, ndipo wa mashoti ochepa ndiye wapambana. Pakati pa poyambira ndi girini pali mpita wa udzu waufupi. Ukakhala mu mpitamo moyo ndi wokoma. Ukatuluka, wayamba kuvutika. Mpira ukatayika, umabwerera pomwe unamenyera, n'kuwonjezera shoti imodzi ya chilango. Ndiye kuti kuphonya kamodzi kumakudyera mashoti awiri.

Nditaima poyambira n'kuyang'ana kutsogolo, ndinaona kuti pano si pa St Andrews. Mitengo kumanzere, mitengo kumanja, mapaini aataliatali ndi mitengo ina yamasamba, pansi pake zitsamba zothinana. Mpita unkaoneka ngati kanjira kolowera ku Chingwe's Hole pa phiri la Zomba. Pali maenje ena pamene bwalo limatseguka ndipo umapuma, koma pa ambiri nkhalango imakhala ikukuyang'ana. Bambo aja anatulutsa ndodo yaifupi, n'kumenya mosavutikira. Mpira sunapite kutali, koma unagwa pakati penipeni. Mumtima ndinawamvera chisoni kuti ukalamba ndi matenda. Ine ndinatulutsa driver.

Mpira wanga unanyamuka bwino, wokwera, wokongola, kenako unayamba kukhotera kumanja ngati minibasi yaona pasenjala. Tinamva "kho!" m'mitengo, kenako zii. Kukhota kumeneku kuli ndi chifukwa chake. Nkhope ya ndodo ikafika pa mpira itatsekukira kumanja poyerekeza ndi njira imene ndodoyo ikuyenda, mpira umazungulira chammbali, ndipo mphepo imaukokera komweko. Ndodo ikatalika, nkhope yake ikakhala yoongoka ngati ya driver, kukhotako kumakula. Pa bwalo lotambalala vuto limeneli limakhululukidwa. Pa Hazlehead ayi. Zonsezi ndinkazidziwa bwino lomwe. Koma pa dzenje lachiwiri ndinatulutsanso driver, pa lachitatu chimodzimodzi. Ndinkafuna mnzanga wa ku Kenya aone kuti mwana wa ku Ndirande amaponya kutali kuposa iye.

Ndinanyamuka ndi mipira isanu ndi itatu. Pofika pakati pa bwalo inali itatsala inayi. Nthawi iliyonse tonse anayi tinkalowa m'nkhalango, kupalasa masamba ndi mapazi, bambo aja akuyang'ana wotchi. Lamulo limapereka mphindi zitatu zofunira mpira. Kale zinali zisanu, mpaka pamene anasintha mu 2019. Bambowo anandiuza monyadira kuti lamulo la mphindi zisanu linayambira mumzinda wawo womwewu mu 1783. Ndinayankha kuti anthu a ku Aberdeen ayenera kuti anayamba kalekale kutaya mipira. Anaseka mpaka kutsokomola, n'kundimenya paphewa. Kuyambira pamenepo tinayamba kucheza. Anandifunsa za kwathu, ndinawauza za malume ndi madontho atatu aja. Anautenga mpira wanga umodzi, n'kuutembenuza m'manja, n'kunena kuti malume anga ndi munthu wanzeru.

Chinthu china chimene nkhalango imachita ndi kukunyengerera. Ukaupeza mpira pansi pa mitengo, pamakhala njira ziwiri. Yoyamba ndi kuukankhira chammbali, kubwerera mu mpita, n'kuvomera kuti shoti imodzi yapita. Yachiwiri ndi kuyang'ana kutsogolo, kumene pakati pa mitengo iwiri pamaoneka kampata ngati zenera la bafa, girini ikuonekera patali. Mtima umati: ndikadutsitsa apa, ndabweza zonse. Katatu ndinasankha kazenerako. Kawiri mpira unagunda thunthu n'kubwerera, ulendo wina unangotsala pang'ono kundiphulitsa bondo. Bambo aja sananene kanthu. Iwo akalowa m'mitengo, zomwe zinkachitika mwa apo ndi apo, ankangoutulutsira chammbali osaganiza kawiri.

Tsopano ndifike pa chachiwiri chija.

Titadutsa theka la bwalo, mnzanga wa ku Scotland anali patsogolo kwambiri. Nkhondo ya petulo inatsala pakati pa ine ndi wa ku Kenya, ndipo ndinkatsalira ndi mashoti awiri okha. Pa dzenje lina lokhala ndi mitengo mbali zonse, driver anandichitanso zomwezo. Ndinayenera kumenya mpira wina wongoyembekezera, monga malamulo amalolera, koma ndinati ayi, ndauona pomwe wagwera. Anzanga awiri anapita kumanzere kukafuna wa mnzathu wa ku Kenya. Bambo aja anali chapatali, kuseri kwa zitsamba. Ndinafuna, ndinapalasa, mpira osaoneka. Mphindi zinkatha. Ndinawerenga mumtima: kubwerera poyambira, mashoti awiri, petulo, akaunti yanga. Dzanja linalowa lokha m'thumba. Ndinatulutsa mpira wina, n'kuutsetsereka m'mbali mwa mwendo, n'kugwera pamalo abwino, pomwe panali mpata wotulukira. Kenako ndinakuwa ndi mawu achimwemwe kuti, "Ndaupeza!"

Sizinatenge masekondi asanu. Ndinamenya, mpira unatuluka bwinobwino, ndipo dzenjelo ndinalimaliza ndi mashoti asanu, bwino kuposa ena onse a tsikulo. Mnzanga wa ku Kenya anamaliza ndi asanu ndi awiri. Tinafanana. Anandigwira chanza n'kunena kuti ndatuluka mwaukatswiri.

Tikuyenda kupita poyambira dzenje lotsatira, bambo aja anachedwetsa mapazi mpaka anzanga anatsogola. Anatulutsa dzanja m'thumba la jekete, n'kundipatsa mpira. Unali ndi dothi mbali imodzi, ndi madontho atatu ofiira.

"Mwana wanga," anatero, "ndikuganiza kuti uwu ndi wako. Unali patsinde pa mtengo uja."

Sanawonjezere liwu. Sanandiyang'ane moipa. Anangopitiriza kuyenda, kangolo kawo kakulira kwiii kwiii pambuyo. Ine ndinaima ndi mipira iwiri, wina m'dzanja lamanja wina lamanzere, yonse ya madontho a malume. Fisi akagwa m'mbuna sayankhula. Chizindikiro chimene malume anandiphunzitsa kuti wina asandibere n'chimene chinandigwira ndikuba.

Ndikanatha kukhala chete. Bambowo anali atandipatsa mpata umenewo, ndipo sindikukhulupirira kuti akanauza munthu. Anzangawo sakanadziwa mpaka lero. Ndinayenda mamita ngati 50 ndikukambirana ndi mtima wanga, ndipo ndisaname, mbali yaikulu ya mtimawo inkati ndingokhala duu. Chimene chinandilepheretsa si chilungamo chochuluka ayi. N'chakuti panali maenje ena angapo oti ndiyende ndi munthu amene akudziwa, yemwe ndinali nditamuuza za malume anga. Titafika poyambira ndinawauza anzanga kuti mpira umene ndinamenya m'nkhalango sunali woyamba uja, ndinachita kuugwetsa. Mnzanga wa ku Scotland anayang'ana pansi. Wa ku Kenya anayamba kuseka, kenako anaona kuti sindikuseka, n'kusiya. Pa mpikisano weniweni akanandichotsa pomwepo. Ife tinangogwirizana kuti petulo ndi wanga, zivute zitani, ndipo masewera apitirire.

Chodabwitsa n'chakuti nkhani ya petulo itatha, manja anga anamasuka. Driver ndinamubwezera m'chikwama, ndipo sanatulukenso. Ndinatenga nambala 7, ndodo ya malume ija, n'kumamenya mamita 130, kenako ena 130, kenako kakang'ono kokwera pa girini. Tsokonombwe anatha mtunda ndi kudumpha. Nditalowanso m'mitengo kamodzi, ndinautulutsira chammbali, ndipo bambo aja anagwedeza mutu. Pa maenje otsalawo sindinataye mpira ndi umodzi womwe. Ndipamene ndinayamba kuliona bwalolo: kuwala kwa dzuwa kukudutsa m'mapaini, fungo la utomoni longa la ku Chikangawa, mbalame, mayi wina akuyendetsa galu m'kanjira ka m'mbali. Maola atatu onse ndinali m'nkhalango yokongola chonchi, koma ndinkangoona malo otayikira mipira. Pomaliza bambo aja anali ndi mashoti ochepa kuposa tonse atatu, ngakhale kuti sanaponyepo kutali kuposa aliyense wa ife.

N'chifukwa chiyani ndikulemba izi pano, pomwe ambiri a inu gofu mulibe nayo ntchito? Chifukwa m'galimoto pobwerera, petulo nditagula, sindinkaganiza za gofu. Ndinkaganiza za kafukufuku wanga womalizira digiri. Ndinkafunika anthu 100 oyankha mafunso anga, koma pofika nthawi imeneyo anali atayankha 41 okha, ndipo masiku ankatha. Kwa masabata awiri ndinali ndikusewera ndi ganizo limene ambiri a inu mukulidziwa, ngakhale simungavomere pagulu: kukhala pansi usiku umodzi ndi khofi, n'kudzaza ndekha mafomu otsalawo. Kuphika data, monga timanenera. Ndani akanadziwa? Ndinali nditadziuza kale kuti si kuba kwenikweni, chifukwa mayankho ake ndikuwadziwa momwe angakhalire. Ndi mawu omwewo amene ndinadziuza m'nkhalango: mpira uli pompano penapake, ndikungoufulumizitsa.

Ambiri a ife tinakula tikudziwa kuti chinyengo ndi nkhani ya kugwidwa kapena kusagwidwa. Likasa ndi loipa woyang'anira mayeso akaliona. Pa mpira wamiyendo, kudzigwetsa m'bokosi ndi luso ngati woimbira sanaone. Gofu imasiyana pamenepa, chifukwa nthawi zambiri woimbira palibe. Umadziwerengera wekha, umadzilanga wekha. Mu 1925, pa US Open, Bobby Jones uja anauza akuluakulu a mpikisano kuti mpira wake wasuntha pang'ono pamene ankakonzekera kumenya, ngakhale kuti iwo sanaone. Anadzipatsa shoti ya chilango. Pamapeto anafanana ndi Willie Macfarlane, ndipo pobwereza analuza. Shoti imodziyo inamudyera chikho. Sindikunena kuti osewera gofu ndi oyera mtima. Ine ndemwe ndine umboni wakuti si choncho. Ndikunena kuti bwalo lothina ngati Hazlehead limakupititsa kuseri kwa mitengo kangapo patsiku, kumene kulibe wokuona, ndipo kumeneko umadzidziwa msanga. Ine ndinkadziyesa munthu woona mtima chifukwa ndinali ndisanayesedwepo pa mtengo wokwanira. Mtengo wanga unapezeka kuti ndi thanki imodzi ya petulo.

Ndipo onani mmene zinthuzi zimayendera limodzi. Sindinabe chifukwa choti ndine wakuba kuyambira kale. Ndinaba chifukwa ndinakana kumenya shoti yaing'ono. Kudzikuza kunandipatsa driver, driver anandipititsa m'nkhalango, nkhalango inandionetsa kazenera, kazenera kanandiwonjezera ngongole, ngongole inalowetsa dzanja m'thumba. Kafukufuku wanganso anayenda chimodzimodzi. Aphunzitsi anga ondiyang'anira anandichenjeza mu March kuti mutu wanga ndi waukulu kwambiri kwa miyezi itatu. Sindinamve, chifukwa ndinkafuna ntchito yoti anthu aziikamba. Van de Velde amene ndinamuseka Lolemba uja anali bwino kuposa ine. Iye anavula nsapato pamaso pa dziko lonse n'kuwerenga mashoti ake onse asanu ndi awiri.

Ndikudziwa zimene ena munganene, ndipo muli ndi mfundo. Kumenyera chammbali n'kosavuta kwa munthu amene ali ndi mipira yambiri m'chikwama. Bambo aja ali ndi penshoni. Ife tili ndi fizi ya abale, viza yokhala ndi tsiku lothera, makolo amene anagulitsa mbuzi, ndiponso anzathu amene anaphika data chaka chatha ndipo lero akuyendetsa galimoto za mabungwe. Chilungamo chimadula kwambiri kwa wosauka, ndipo wonena kuti sichidula sanakhalepo ndi akaunti yopanda kanthu. Petulo uja anandipweteka ndithu. Masiku omaliza a mweziwo ndinadya phala la oats m'mawa ndi madzulo. Koma pa masamu omwewo a munthu wosauka, amene ali ndi mipira yochepa ndiye woyenera kusiya driver msanga. Wolemera akagwidwa ndi data yophika ali ndi kobwerera. Ine ndikanabwerera ku Ndirande wopanda pepala, n'kukafotokoza chiyani?

Sabata yomweyo ndinalembera aphunzitsi aja. Ndinawauza chiwerengero chenicheni, 41, ndi kuti sindifika pa 100. Ndinkayembekezera kukalipiridwa. Anangoyankha kuti tichepetse funso la kafukufuku, ndigwiritse ntchito mayankho amene alipo, ndiwonjezere kucheza mozama ndi anthu ochepa, ndipo ndilembe poyera malire a zimene ndapeza. Ntchitoyo yachepa ulemerero. Sidzasintha dziko. Zotsatira sizinatuluke pamene ndikulemba izi, ndipo n'kutheka kuti magiredi ake adzakhala apakatikati. Koma mzere uliwonse ndingathe kuuimira.

Loweruka ndinawaimbira malume pa WhatsApp. Pano anakalamba, bondo limawavuta, ukadi anasiya. Ndinawauza za bwalo la mzinda limene aliyense amasewerapo, loti woyendetsa basi ndi dokotala amaima pamzere umodzi. Sanakhulupirire msanga.

"Ndiye amawanyamulira zikwama ndani?" anafunsa.

"Amanyamula okha, malume."

"Aaa, ndiye ife tikanafa ndi njala kumeneko," anatero akuseka. Kenako anakhala chete pang'ono, n'kunena kuti, "Komabe ndikanasewera."

Mawu amenewo anandilasa. Munthu amene anayenda pa bwalo la gofu pafupifupi tsiku lililonse kwa zaka zambiri, wodziwa kupendekeka kwa girini iliyonse, ankangololedwa kumenya mpira mwa apo ndi apo, mabwana kulibe. Gofu sinabadwe ndi mpanda. Mpanda amaika ndi anthu, ndipo mzinda ukafuna ukhoza kusunga nkhalango ndi bwalo kuti zikhale za onse, monga Aberdeen yachitira kwa zaka pafupifupi 100.

Ndinazengereza, koma pamapeto pake ndinawauzanso za mpira uja. Ndinafotokoza zonse, dzanja m'thumba, kukuwa kwanga, bambo aja ndi dothi la pa mpira. Ndinkaganiza kuti akhumudwa.

"Mphwanga," anatero, "ukuganiza kuti ndiwe woyamba? Ine mabwana ena ankandipatsa ya fanta kuti mpira ndiziukankha ndi phazi. Ndinkakankha, nanga ndikanatani, ana adye chiyani? Koma bwana aliyense ndinkamudziwira patchire. Ku ofesi kwake sindinafikeko, koma ndinkadziwa amene ndingamubwereke ndalama ndi amene sindingamusiyire nkhuku."

"Ndiye ine mukanandiika mbali iti, malume?"

"Iwe unabweza," anatero. "Koma ulendo wina usadikire mzungu akutolere."

Kenako anafunsa ngati ndodo nambala 7 ya kuno ili ndi chogwirira chabwino, ndipo ngati ndingawabweretsere imodzi pobwera. Ndawagulira kale. Mpira wa dothi uja sindinautsuke, uli pawindo pafupi ndi laputopu yanga, ndipo udzapita nawo limodzi.